Munda wa khonsolo mu Juni: mpiru wathamangira maluwa, nkhono zatha maungu, ndisiye?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Leicester, kuno ku England, ndalidula pang'ono chifukwa linali lalitali: "Ndadikira zaka zitatu ndiye mu Malichi khonsolo yandipatsa allotment, theka la puloti. Ndinadzala mpiru, repu, maungu, nyemba, mbatatesi komanso chimanga choyera chimene mnzanga anandigawira. Pano Juni wangoyamba kumene koma mpiru wonse watulutsa maluwa masamba asanakule n'komwe, maungu ndinawokera asanu atsala awiri, chimanga chili chachikasu, repu wangotsala mitsempha yokha, udzu ndiye osanena. Ine ndinakulira pa dimba ku Ntcheu ndiye zikundichititsa manyazi, azungu oyandikana nawo minda yawo ili bwinobwino. Ndibweze makiyi?"

Mayi, makiyiwo musabweze ayi, akhale m'chikwama momwemo. Zimene mwafotokozazi ndi ndendende zimene zinandichitikira ine chaka choyamba, tsono ine manyazi ake anali owirikiza chifukwa kumudzi ndinali mlangizi wa zaulimi, munthu woyenda panjinga kukaphunzitsa anthu kadzalidwe, ndiye kufika kuno n'kugonja kwa nkhono, agogo ena oyandikana nane akungondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Vuto si manja anu. Vuto ndi loti kalendala ya kwathu ili m'magazi mwathu, timadikira mvula, timayang'ana kutentha, pomwe kuno chimene chimalamula mbewu ndi kutalika kwa usana komanso chisanu, mvula ndiye imangobwera mmene yafunira.

Ndiyambe ndi mpiru poti ndi umene wakupwetekani mtima kwambiri. Ku Malawi usana susintha kwenikweni, umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Ku Leicester pofika pa 21 Juni usana umakwana pafupifupi maola 17, kumangowala mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, ku Scotland ndiye kuposa pamenepo. Mpiru, chainizi, pak choi ndi abale awo onse akaona usana ukutalika chonchi amangoti basi nthawi yobereka yakwana, amasiya masamba n'kuthamangira maluwa, makamaka ngati anamvako kuzizira ali aang'ono mu Epulo kapena anauma kukhosi tsiku lina. Palibe feteleza amene angabweze zimenezo, olo mutadula maluwawo amaphukiranso ena pambali. Ndiye chitani izi, thyolani nsonga zamaluwazo zisanamasule pamodzi ndi timasamba tofewa mukazinge ndi tomato, n'zokoma ndithu, zowawirako pang'ono ngati mmene mpiru uyenera kukhalira. Mitengo iwiri kapena itatu isiyeni ichite maluwa njuchi zidyeko ndipo mudzapeza mbewu, yotsalayo zulani bedi ligwire ntchito ina. Mpiru weniweni mudzafese kumapeto kwa Julayi mpaka mu Ogasiti usana ukayamba kufupika, mudzadabwa, masamba ake amakula ngati mbale ndipo mumathyola mpaka Novembala, mukaufunditsa kansalu koyera kaja ka fleece umapitirira apo. Kwathu mpiru ndi wa nyengo yozizira, wa pa dimba mu Juni ndi Julayi, ndiye tikamva kuti Juni timaganiza kuti ndi mwezi wake, koma Juni wa kuno ndi wina.

Panopa bedi la mpirulo dzalanipo zimene zimakonda usana wautali. Sipinachi wa kwathu uja wamasamba aakulu a mitsempha yoyera, kuno pa paketi amalemba kuti chard, musagule wolembedwa spinach chabe chifukwa ameneyo ndi wina, wamasamba ang'onoang'ono ndipo nayenso mu Juni amathamangira maluwa ngati mpiru yemwe. Chard samachita phuma, mumathyola mpaka chisanu. M'bale wake wa repu wotchedwa kale pa Chingerezi nayenso mukafesa mwezi uno adzakudyetsani Disembala mpaka Malichi, chisanu sichimuopsa, chimangomutsekemeretsa. Ndipo ngati pamalo anupo pali anzathu a ku Zimbabwe, ku Leicester aliko ambiri, apempheni mphukira za chomoliya, iwo ena amati covo ena rugare, mumangobzala kanthambi n'kugwira basi, ndipo sichivutika ndi zamaluwazi.

Bonongwe ino ndiye nthawi yake, nthaka yafunda. M'mashopu a mbewu mukamufuna funsani amaranth kapena callaloo, a ku Jamaica amadya yemweyo. Mbewu yake ndi yaing'ono kwambiri, sakanizani ndi mchenga muwaze pamwamba n'kupapasa ndi dzanja, osakwirira kwambiri, pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi mwayamba kupatulira n'kumadya zopatulirazo. Therere ndiye ndikuuzeni zoona, panja silichita, limafuna greenhouse kapena kanyumba ka pulasitiki, ine ndinayesa zaka ziwiri panja ndinakolola tinthu tinayi, ndinasiya, ndimagula la m'firiza.

Tsopano nkhono. Zimene zadya maungu anu ambiri mwa iwo ndi ma slug, nkhono zija zopanda chigoba, masana simuziona zimabisala pansi pa matabwa, m'mphepete mwa udzu, pansi pa miphika, kukada ndiye zimatuluka gulu, mbande yanthete usiku umodzi imatsala kachitsa. Anthu adzakuuzani zambiri, makoko a mazira, tepi ya kopa, timiyala, ubweya wa nkhosa. A RHS, bungwe lalikulu la zaminda kuno, anayesa zimenezi mu 2018 ndipo anapeza kuti letesi wotetezedwa choncho anadyedwa chimodzimodzi ndi wosatetezedwa, ndiye ndalama zanu musatayire pamenepo. Mankhwala akale a metaldehyde analetsedwa kuyambira Epulo 2022 chifukwa amapha mbalame ndi tinyama tina, ngati mwapeza chitini chakale mu shedi imene munasiyiridwa musachigwiritse ntchito, kafunseni ku malo otayira zinyalala a khonsolo mmene angachilandirire. Ololedwa ndi a ferric phosphate, mumawaza motalikirana, kanjere apa kanjere apo, osati kuunjika ngati mukuthira feteleza pa phando. Palinso tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tija ta nematode timene mumasungunula m'madzi n'kuthirira, timagwira ntchito nthaka ikakhala yonyowa, kungoti n'todulirako ndipo pakatha masabata asanu ndi limodzi muyenera kuthiranso.

Koma chimene chinandithandiza ine kuposa zonsezi ndi tochi. Madzulo kukagwa kamvula pitani ndi tochi ndi kandowa, tolani, masiku atatu kapena anayi otsatizana mudzaona kusintha. N'zonyansa inde, valani magolovesi. Ikani thabwa limodzi pakati pa mabedi dala, m'mawa mulitembenuze mudzazipeza zitasonkhana pamenepo ngati pa msonkhano wa mfumu. Ena amakwirira kachitini ka mowa, zimagweramo ndithu, inu ngati za mowa simugwira madzi a shuga ndi yisiti amachita chimodzimodzi, kukamwa kwa chitinicho kukhale pamwamba pa nthaka pang'ono kuti tizilombo tabwino tisagweremo. Achule mukawaona asiyeni, ndi antchito anu aulere. Ndipo chachikulu, siyani kuthirira madzulo. Pa dimba tinazolowera m'mawa ndi madzulo, kuno kuthirira madzulo ndi kuyalira nkhono mphasa.

Maungu atatu apitawo musalire nawo, nthawi ilipo. Mpaka pakati pa Juni mukhoza kufesa ena, koma fesani m'miphika kunyumba pawindo, masiku asanu kapena asanu ndi awiri amera, muwawokere atakhala ndi masamba enieni atatu kapena anayi, akakhwimako choncho nkhono sizimawamaliza. Masiku oyamba vundikirani ndi botolo lalikulu lapulasitiki lodula kunsi, chitsekerero chochotsa. Dzenje lililonse ndowa ya manyowa, mita imodzi kapena kuposa pakati pa dzenje ndi linzake. Ndipo apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzathu oyandikana nawo minda, iwo amalimira dzungu lenilenilo, ife chuma chili ku masamba. Karoti, anyezi, kabichi, mu supamaketi n'zotchipa zedi, mukawerengera thukuta lanu ndi bwino kungogula. Koma nkhwani muupeza kuti? Khwanya? Olo mutaupeza ku shopu ya zakudya za kwathu ndi wofota ndipo mtengo wake mumachita kubwerera nawo pakhomo. Ndiye theka la puloti ngati lanulo, pafupifupi masikweya mita 125 poti puloti yathunthu yachikale imakhala cha m'ma 250, ine ndikanapereka malo abwino kwa ndiwo zimene ndalama sizingagule kuno. Mtundu uliwonse wa dzungu woyanga umapereka nkhwani, butternut, Crown Prince, onsewa, thyolani nsonga ndi masamba awiri atatu anthete mbewu ikayamba kuyanga bwino cha mu Julayi, koma osathyola nsonga zonse pa mtengo umodzi ngati mukufunanso maungu. Agogo oyandikana nane aja tsiku loyamba kundiona ndikuthyola masamba anaganiza kuti mbewu yadwala, pano chaka chilichonse amandiitana kuti ndikathyole kwawonso, ndinawapatsako wotendera anavomera okha.

Chenjezo limodzi pa maungu ndi ma courgette, timaungu tatitali tobiriwira tija, ndipo ili si lanthabwala. Mbewu yosunga nokha pa allotment ikhoza kukhala kuti inakwatirana ndi zipanda zokongoletsera za munthu wina, ndiye chipatso chake chimatuluka chowawa kwambiri. Mukalawa n'kumva kuwawa kwachilendo lavulani, tayani, zulani mtengowo, poizoni wake satha ndi kuphika ndipo amatsegula m'mimba koopsa.

Nyemba simunanene kuti ndi ziti. Ngati ndi zazikulu zija za broad beans yang'anani kunsonga, mwezi uno kumadzaza nsabwe zakuda bii, tsinani nsongazo makoko akayamba kuoneka m'munsi, nsabwe zimasowa pokhala. Za khwanya dzalani French beans kapena borlotti, borlotti ndi zija zamawangamawanga zofanana ndi zimene timagula ku Lizulu, mukhoza kufesa pompano mpaka kumayambiriro kwa Julayi. Zoyanga zimafuna timitengo totalika mamita awiri, mangani zolimba chifukwa mphepo ya kuno ilibe ulemu. Masamba thyolani apa ndi apo, osapitirira limodzi pa atatu alionse, mukatero mudya khwanya, zitheba ndi nyemba zouma pa mzere umodzi.

Repu wotsala mitsempha yokha ameneyo si nkhono, ndi njiwa zikuluzikulu za kuno zija, zonenepa ngati nkhuku, zimabwera m'bandakucha inu muli mtulo. Ma CD opachika, zoopsezera, timabelu, masiku awiri zazolowera. Neti basi. Ndipo poti agulugufe oyera ayamba kale kuuluka ndipo mbozi zawo zimamaliza chimene njiwa zasiya, gulani neti ya timabowo tating'ono, tosapitirira mamilimita 7, ikhale pamwamba pa timitengo isakhudze masamba chifukwa gulugufe amaikira mazira kudzera pa bowo ngati tsamba lagunda neti. Ikokeni ikhale yolimba ndipo m'munsi mupanikize ndi njerwa, neti yolendewera imakola mbalame ndi ma hedgehog, tinungu tating'ono ta kuno timene timadyanso nkhono zomwezo. Mukaona timabowo ting'onoting'ono tambirimbiri pa masamba a mpiru kapena repu ngati wina wabaya ndi singano, ndi tizilombo tina todumpha ngati utitiri, timeneto timafuna neti yosalala kwambiri ngati ya udzudzu, komanso mbande zisasowe madzi kuti zikule msanga zipitirire msinkhu wovutikira. Repu wadyedwayo ngati mtima wake wapakati ulipo musazule, muphimbeni, mumuthire manyowa a nkhuku aja ogulitsa m'ndowa, pakatha masabata awiri aphukira.

Chimanga. Aaa chimanga, aliyense wa ife amafuna aone chimanga chake chitaima, ndikumvetsa. Chikasucho nthawi zambiri ndi kuzizira, chimanga sichidya bwino nthaka ikakhala pansi pa madigiri 10 ndipo dothi la ku Leicestershire malo ambiri ndi lamakande, limachedwa kufunda ndipo limasunga madzi, ndiye mizu imangokhala osagwira ntchito. Usiku ukayamba kufunda chibiriwira chokha, mungochithandiza ndi manyowa a nkhuku dzanja limodzi kuzungulira phando n'kupalira mopepuka. Koma mtima muukonzekeretse. Ngati mbewu imene anakugawiraniyo ndi ya kwathu kwenikweni, nayonso imamvera usana, kungoti mosiyana ndi mpiru, iyo imadikira usana ufupike kuti imasule. Ndiye chimangokula, kutalika kuposa shedi, anthu n'kumajambula, ngaiyaye n'kudzatuluka mu Sepitembala, ndevu zikamatuluka chisanu cha Okutobala chafika. Ine zinandichitikira, mapesi okongola zedi, chisononkho olo chimodzi. Sikuti chimanga choyera n'chosatheka kuno ayi, David Mwanaka wa ku Zimbabwe anayamba kuchilima cha ku Enfield kumpoto kwa London n'kumagulitsa mondokwa, koma zinamutengera zaka akuyesa mitundu mpaka kupeza yocha msanga. Ndiye mufunseni mnzanuyo, iye anakololapo kuno kuchokera ku mbewu imeneyo? Ngati inde, muli pabwino. Ngati inabwera m'sutikesi, chisiyeni chikule muone koma chaka chamawa pezani mbewu kwa amene amakolola konkuno, kapena sweetcorn, chimanga chotsekemera cha kuno, wocha msanga ngati Swift, wofesa m'miphika m'nyumba kumapeto kwa Epulo n'kuwokera kumapeto kwa Meyi.

Kadzalidwe kakenso, musachite mzere umodzi wautali. Kumudzi munda ndi waukulu ndiye mungu umagwera paliponse, pano muli ndi mitengo 20 kaya 30, idzaleni mowundana ngati bwalo la makona anayi, masentimita 45 mbali zonse, mbewu imodzi pa phando, kuti mphepo igwetsere mungu pa ndevu za inzake, apo ayi zisononkho zimatuluka zamagweru. Ndipo ngati oyandikana nanu ali ndi sweetcorn wotsekemera kwambiri uja, mungu wa chimanga chathu ukagwera pa wawo njere zimalimba n'kutaya kutsekemera, ndiye ndi bwino kuwauza kapena kudzala mbali yakutali, mtendere pa allotment ndi wofunika kuposa mondokwa.

Mbatatesi ndi yosavuta, bandirani basi ngati mmene timabandirira kwathu, dothi lifike m'khosi kuti zobereka zisaone dzuwa, yobiriwira ija musadye. Ngati munadzala yocha msanga kumapeto kwa Malichi, ikayamba maluwa cha kumapeto kwa mwezi uno fukulani phando limodzi ndi dzanja muone, zikakhala ngati dzira la nkhuku yambani kudya. Mdani wake ndi chiwawu, kuno amati blight, chomwe chija chinagwetsa njala ku Ireland kuyambira 1845. Chimabwera kukakhala kofunda ndi chinyontho, akatswiri kuno amachenjeza pakadutsa masiku awiri otsatizana kutentha kosatsika pansi pa madigiri 10 komanso chinyezi cha mumpweya chofika 90 peresenti kwa maola asanu ndi limodzi tsiku lililonse, nthawi zambiri kuyambira Julayi. Mukaona madontho abulauni pamasamba akufalikira msanga, kunsi kwake kuli ngati nkhungu yoyera, musadikire, dulani mitengo yonse pansi, masambawo achotseni pamunda, dikirani masabata awiri kenako kumbani. Chimagwiranso tomato wa panja, ndiye ngati mukufuna tomato chaka chamawa funani mitundu yopirira ngati Crimson Crush, ku mbatatesi Sarpo Mira.

Udzu tsopano, ndipo apa mundimvetsetse chifukwa ndi pamene anthu atsopano ambiri amagwera. Simungagonjetse puloti yonse chaka choyamba muli ndi ntchito, ana, mashifiti ausiku. Musayese n'komwe. Sankhani mbali imene mwadzala kale muisamale bwinobwino, yotsalayo dulani udzu pansi, yalani makatoni okhuthala, ochotsa tepi, opanikizana m'mphepete, pamwamba manyowa kapena zinyalala zowola, ngati mulibe ndiye pulasitiki wakuda wopanikiza ndi njerwa. Ndi mtayakhasu womwe uja tinkalalikira kumudzi anthu n'kumatiseka. Maungu anu atsopano aja mukhoza kuboola katoni n'kudzala momwemo, ayanga n'kuphimba malo onsewo, pofika Ogasiti palibe adzadziwe kuti panali tchire.

Maudzu atatu muwadziwe. Pali wina woyanga wamaluwa oyera ngati kholowa, bindweed, mizu yake yoyera yothyoka msanga. Pali couch grass amene ali ngati kapinga, amayenda pansi. Ndiye pali horsetail, wooneka ngati kamtengo ka paini, mizu yake imapita pansi kuposa msinkhu wa munthu. Onsewa kachidutswa kalikonse ka muzu kamamera, ndiye munthu akakuuzani kuti ndikubwerekeni makina otembenuza nthaka mukane mwaulemu, amangodula mizu tizidutswa chikwi n'kukudzalirani udzu munda wonse. Fukulani ndi foloko, tolani mizu ndi manja, ndipo musaiponye pa kompositi, iikeni mu dilamu la madzi iwole kwa milungu ingapo. Horsetail simudzamumaliza, mungomuzula akatuluka, mudzakhala naye ngati mlamu wovuta. Maudzu ena wambawa palirani kukakhala dzuwa m'mawa, kamodzi pa sabata asanakule, mphindi 20 zokwana. Timakasu ta kuno topepuka tokankha tija poyamba ndinkatinyoza koma pakati pa mizere timagwira ntchito, pomwe pothyola nthaka khasu lathu lilibe mnzake, pa intaneti lifuneni ndi dzina loti azada kapena Chillington hoe, ndipo chodabwitsa n'choti kampani ya Chillington imene makasu ake a chizindikiro cha ng'ona anadzaza mu Africa inayambira ku Wolverhampton, ku Midlands komweko.

Pali udzu umodzi umene ndimaupalira mokondwa, fat hen, masamba ake otuwirako ngati awazidwa ufa kunsonga, ndi m'bale wake wa bonongwe ndipo umaphikika chimodzimodzi. Koma wina wodziwa akuonetseni kaye pamaso, osangoyerekeza ndi chithunzi cha pa foni.

Kuthirira, lowetsani chala m'nthaka, ngati pansi pali chinyontho siyani. Kukauma thirirani kwambiri kamodzi kapena kawiri pa sabata, ine ndimathira makeni awiri pa sikweya mita, patsinde osati pamasamba, kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse komwe kumangoitanira mizu pamwamba. Mbande zongowokera kumene ndi mbewu zongofesa zokha ndi zimene zimafuna pafupipafupi. Ngati muli ndi shedi ikani mgolo wokolola madzi a padenga, chilimwe chikauma makampani a madzi amaletsa mapaipi ndiye mumatsala ndi keni. Mukathirira phimbirani ndi kompositi kapena udzu womweta wouma. Manyowa a akavalo aulere aja amene amatsitsidwa pageti samalani nawo, nthawi zina amakhala ndi mankhwala ophera udzu otchedwa aminopyralid amene anapoperedwa ku msipu, amadutsa m'mimba mwa kavalo osatha mphamvu, nyemba, tomato ndi mbatatesi zimapiringizika masamba n'kupinimbira. Yesani kaye, dzalani nyemba zinayi mu mphika wosakaniza manyowawo ndi zina zinayi mu dothi wamba, pakatha masabata atatu muyerekeze. Ine ndinataya mzere wonse wa nyemba chaka china chifukwa cha ulesi woyesa.

Za malamulo mwachidule, werengani pepala limene munasaina. Malo ambiri amayendera minda nyengo inoyi ndipo amafuna gawo lalikulu likhale lolimidwa, akaona tchire amalemba kalata chifukwa pamzere pali anthu ena akudikira ngati mmene munadikirira inu. Mukaonana ndi wa komiti muuzeni kuti mbali iyi ndaphimba dala, ndidzatsegula chaka chamawa, munthu watsopano amene akuoneka pamunda sabata iliyonse samuvutitsa. Kutentha zinyalala ngati kwathu ayi, malo ambiri amaletsa kapena amalola miyezi yozizira yokha. Kugulitsa nkhwani ngati bizinesi ayinso, lamulo la 1922 limati munda woterewu ndi wodyetsa mwini wake ndi banja lake, kugawira a ku tchalitchi palibe vuto. Nkhuku zazikazi ndi akalulu lamulo la 1950 limalola, tambala ndiye iwalani, koma zimenezo ndi za mtsogolo, chaka chino musadziwonjezere katundu.

China chimene sitimachiganizira, ambiri a ife timapita kumudzi masukulu akatsekera mu Julayi, nthawi yomwe munda uli pachimake. Ngati muli ndi ulendo yambani pano kupalana ubwenzi ndi oyandikana nawo, muwathirireko akachoka, kuti nanunso adzakuthirireni, ndipo muwauze kuti azithyola zitheba ndi ma courgette n'kumadya, chifukwa nyemba zikasiyidwa kukhwima mtengo umasiya kubereka. Musananyamuke thyolani nkhwani ndi bonongwe wambiri, muwaviike m'madzi owira mphindi ziwiri, muziziritse, mufinye, m'timatumba, m'firiza, mfutso wa padzuwa kuno umachita nkhungu usanaume. Mpiru uja fesani mukangobwera, bola isadutse sabata yomaliza ya Ogasiti. Pobwerako musanyamule mbatata, zodula za chinangwa kapena mbewu m'sutikesi, zomera zochokera kunja zimafuna chikalata cha boma chotsimikiza kuti zilibe matenda ndipo pabwalo la ndege akhoza kulanda, nsinjiro zokha ndi zimene munkhwaniwo mudzafune, ndipo mtedza wosakazinga uli m'mashopu a amwenye pa Belgrave Road pomwepo, mungosinja mu blender.